Nsapato za a Chisale

Sabata yatha tinasonkhana kwa alamu anga a Esnart, mlongo wa mwamuna wanga, ku South Bend, kukumbukira kuti patha chaka chimwalirireni apongozi anga, a Yotamu Chisale, bambo wa mwamuna wanga. Aliyense anapatsidwa mpata woti anenepo kanthu. Abusa anati anali munthu wopemphera. Mwamuna wanga Mada anati anali munthu wamakani, anthu n'kuseka. Itafika nthawi yanga ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ankakonda kuyenda." Basi. Ndinakhala pansi. Amayi ena amene anali pambali panga anandisisita pamsana, kuganiza kuti chandigwira ndi chisoni. Chisoni chinalipo, inde. Koma chimene chinandiletsa kulankhula n'china: nsapato zimene ankayendera apongozi angawo ndinabisa ndine. Mada sakudziwa. A Esnart sakudziwa. Ndikulemba izi kuti ndikamaliza ndiwapatse awerenge okha, chifukwa pakamwa zandikanika.

A Chisale anabwera kudzakhala nafe ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, mwana wathu Takondwa, amene timamutchula Tako, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Amayi a Mada anali atangomwalira kumudzi ku Ntcheu, ndipo ana anagwirizana kuti bambo asatsale okha. Tinakawachingamira ku bwalo la ndege. Anatuluka ndi kasutikesi kamodzi, jekete lalikulu looneka kuti n'lobwereka, nsapato zikuwala ngati akupita ku ukwati. Ndinagwada kuwapatsa moni pamaso pa azungu onse aja. Iwo anayankha bwinobwino, anagwira mwana kaphazi, kenaka n'kufunsa Mada kuti kuchokera pamenepo kukafika kunyumba, wapansi, ndi mtunda wautali bwanji.

"Adadi, kuno sitiyenda pansi," anatero Mada.

"Ndiye mumadziwa bwanji kumene mumakhala?"

Kumudzi anagwira ntchito ya misewu moyo wawo wonse, m'gulu la anthu opima, amene amayamba kudutsa m'tchire ndi tcheni thalakitala isanafike. Ankadziwa kutalika kwa sitepe yawo monga mmene ine ndimadziwira nambala yanga ya foni. Ukawafunsa kuti sitolo ili kuti, sankakuuza dzina la msewu, ankakuuza masitepe. Phazi lawo lakumanzere linali lopindika, linagweredwa ndi mgolo wa phula adakali mnyamata, ndipo nsapato za m'sitolo sizinkawalowa. Zimene anali nazozo anawasokera mmisiri wina wa ku Balaka, atajambula phazilo papepala la simenti: zachikopa, zofiirira, zofika m'kakolo, yakumanzere yotakata kuposa inzake. Zidendene zinali zitasinthidwa kangapo. M'mawa uliwonse ankayala nyuzipepala pakhomo, n'kukhala pakampando ndi bulashi ndi kachitini ka polishi. Tiyi ankadikira. Akamaliza ndiye ankamwa, n'kudandaula kuti wazizira.

Ku Lawrence munthu woyenda pansi amaoneka ngati wasochera kapena galimoto yamuwonongekera. Masiku oyamba anthu ankaimitsa magalimoto kuwafunsa ngati akufuna thandizo. Iwo ankavula chipewa, kuthokoza, n'kupitiriza. Mwezi usanathe anali atadziwa tinjira timene Mada, wa zaka zambiri kuno, sanationepo. Ndiwo anabwera kudzatiuza kuti pafupi nafe pali malo amene kale anali kampu ya asilikali, nyumba zake za njerwa zofiira zitazungulira bwalo lalikulu la udzu. Tsiku limenelo sanadye bwino. Anangoti bwalolo alizungulira kawiri, ndipo paja pakuoneka kuti anyamata ankaima m'mizere.

Kenaka anaphunzira basi yopita pakati pa tauni, ndipo kuyambira pamenepo tinawataya.

Amene mumaidziwa Indianapolis mukudziwa kuti ndi mzinda wa zipilala za nkhondo. Pali chachitali chija chapakatikati, chimene magalimoto amachizungulira. Ukamakwera chakumpoto pali chinyumba chamiyala chonga tchalitchi chopanda mtanda, kutsogolo kwake bwalo lalitali la udzu, m'mbali mwake makoma olembedwa mayina a anyamata amene anafera ku nkhondo zosiyanasiyana. Kumapeto kwa bwalolo malo amatsika pang'ono, ndipo pakati pake pali mwala wakuda wooneka ngati bokosi la maliro, mizati inayi italizinga, mbalame zagolide pamwamba. Ambiri a ife timangodutsa pa galimoto. Ena amajambulitsapo zithunzi za ukwati. Apongozi anga ankapitako katatu pa sabata, ngati kuntchito.

Ine ndinapita nawo kamodzi kokha, nthawi yotentha, Tako ali ndi zaka ziwiri, ndikumukankha pa kangolo kake. Ndinkafuna ndione ndi maso anga chimene amakachita, chifukwa ndine munthu wa nkhawa ndipo sindibisa. Tako anabadwa masiku asanakwane, anakhala m'kabokosi ka galasi ku chipatala masabata angapo, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimandiopsa: chitsokomolo, masitepe, mphesa yosadula.

Titafika pakhoma loyamba la mayina, anavula chipewa. Anaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena chapansipansi, "Odi kuno." Ndinayang'ana uku ndi uku kuopa kuti anthu atiseka. Anatulutsa kabuku m'thumba kuti aone pamene analekezera ulendo wapita, anaika chala pamwala, n'kuyamba kuwerenga mokweza, dzina limodzi limodzi, mosathamanga. Mayina achizungu ankawatchula Chichewachewa, ena ankawalakwitsa n'kubwereza mpaka akhutire. Ankati dzina losemedwa pamwala silimva kanthu mpaka wina alitchule ndi pakamwa. Akafika pansi pa mzere ankapuma, n'kuwonjezera dzina limodzi limene pamwalapo panalibe: "Zakeyu Chisale." Mzere wotsatira chimodzimodzi. Ndinamva kanayi ndisanalimbe mtima.

"Bambo, a Zakeyuwo ndani?"

"Amene anandibereka, Nabanda."

Ankanditchula choncho, ndi mfunda wanga. Tinakhala pa benchi, Tako akugona, n'kundifotokozera. Bambo awo anatengedwa kupita ku nkhondo yachiwiri iwo ali m'mimba. Patapita nthawi kunabwera uthenga wapakamwa woti anafera kutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu, koma thupi silinabwere. Akuluakulu anati akwirire thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo kuti pakhale manda, koma amayi awo anakana. Anati mwamuna wanga sindinamuone atafa, mukufuna mumukwirire ali m'njira? Anadikira mpaka ukalamba. Ndiye manda sanakumbidwe konse. Chaka chilichonse, tsiku lolambula kumanda likafika, amuna a m'mudzi ankanyamula makasu ndi matsache, aliyense kupita pa mtumbira wa kwawo. A Yotamu atakula ankapita nawo, n'kumangoima, kugwirizira anzawo madzi akumwa. Ali pantchito ku Zomba anakafufuza pa chipilala cha asilikali chija, anthu n'kuwauza kuti chimenecho n'cha nkhondo yoyamba.

"Ndiye awa," anatero akuloza khomalo ndi chibwano, "ntchito yawo inali imodzimodzi. Sangakane kumusunthira mnzawo pang'ono."

Tinayenda tsiku lonse limenelo. Anandionetsa chilichonse ngati mwini mudzi: kasupe, ziboliboli, khoma lina la m'mbali mwa ngalande la anthu amene anamira ndi sitima yapamadzi. Ankadziwa benchi imene imakhala ndi mthunzi masana, ndi chimbudzi chimene satseka. Pochoka anatulutsa kabotolo ka madzi, anasamba m'manja, n'kundithiranso ine, monga timachitira pobwera ku maliro. Zimenezi ndinazisunga mumtima. Tako sindinamulolenso kupita kumeneko.

Ndisawakometse mopitirira. Anali munthu wovuta kukhala naye. Foni imene Mada anawagulira sankaichaja, ndipo ukawakumbutsa ankati munthu amene akufuna kundipeza adziwa kumene ndili. Kutchalitchi kwathu, cha ku Speedway, anauza mkulu wampingo pamaso pa anthu kuti pemphero lake latalika kuposa ulaliki. Mawu akuti pepani sindinawamvepo pakamwa pawo. Akalakwa ankangokubweretsera kanthu, apulo kapena nthochi, n'kuika patebulo osanena chilichonse. Ndi Mada ankakangana pafupifupi Lamlungu lililonse, ndipo mkangano waukulu unali wa chikwanje. Anaona kuti m'mphepete mwa miyala ina mwamera udzu, n'kupempha mwana wawo awagulire chikwanje ndi kakhasu.

"Adadi, mukwere basi ndi chikwanje? Munthu wakuda, dziko lino? Mukufuna ndikakuoneni pa TV?"

"Ndikachikulunga m'nyuzipepala."

"Ndiye zoipiratu! Kuli anthu olembedwa ntchito yotchetcha kumeneko, ali ndi makina."

"Makina sadziwa amene akumutchetchera."

"Simupita nacho. Ndakana."

"Iwe, ndinakusambitsa ine."

Anakhala masiku atatu osalankhulana. Tsiku lachinayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuthyola timitengo m'tchire la m'mbali mwa mpanda, n'kutimanga ndi mphira. Anapanga tsache lenileni la kumudzi. Mada ataliona anangopukusa mutu n'kunena kuti tsache palibe amene angaliimbire apolisi.

Tsopano ndifike pa tsikulo.

Linali Loweruka, mu Novembala, Tako ali ndi zaka zitatu. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinaphunzira zimenezo ku koleji, ndipo tsiku limenelo ndinali ndi shifiti ya m'mawa. Mada anaitanidwanso kuntchito mwadzidzidzi, ndiye mwana anatsala ndi agogo ake. Ndinasiya malangizo pa firiji, monga mwa nthawi zonse. Nditabwerera cha m'ma 3 koloko ndinapeza m'nyumba muli zii. Kangolo ka mwana palibe. Tsache kuseri kwa chitseko palibe. Foni yawo ili patebulo, yozima. Magolovesi a Tako ali pampando, onse awiri. Kunja kunali mphepo yoluma, imene imalowa mpaka m'mano.

Ndinaimbira Mada. Iye anangoti, "Usalire, kayang'ane ku zipilala." Mmene ndinayendetsera galimoto tsiku limenelo, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Ndinapaka malo oletsedwa, ndinathamanga m'bwalo lija ndi yunifomu ya kuntchito, kudutsa makoma onse a mayina, mpaka pa malo otsika aja.

Anali pamenepo. Apongozi anga atagwada pambali pa mwala wakuda, chipewa chili pansi, akutola masamba m'ming'alu ndi zala. Anali ndi malaya okha, chifukwa jekete lawo anali atamuveka Tako, likukhwekhwereza pansi. Mwana wanga anali ndi katsache kakekake, kakang'ono, komangidwa bwino ndi mphira, akusesa mozungulira bokosi lija ndi mtima wonse, chimfine chili chuu, timanja tili psuu. Mzungu wina wokalamba, wovala kachipewa ka asilikali akale, anawagwirira thumba lotayiramo masamba. Onse atatu ankaseka.

Lero ndikamakumbukira ndimaona kuti chinali chinthu chokongola. Tsiku limenelo sindinaone zimenezo. Ndinaona mwana wanga, amene ndinamuyang'anira kudzera pa galasi masabata onse aja, akusesa pamanda. Kwathu ku Dowa mwana safika kumanda, ngakhale kuloza ndi chala saloza. Ndinamunyamula mwankhanza, katsache kanagwa, iye n'kuyamba kulira kuti, "Mommy, I'm not done!" Ndiye ndinatembenukira kwa apongozi anga, ndili chiimire, iwo ali chigwadire, n'kukuwa:

"Mukufuna mundiphere mwana?"

Aliyense wa kwathu akudziwa kulemera kwa mawu amenewo ukawanena kwa munthu wokalamba, pamalo ngati amenewo. Sindinatchule ufiti, koma iwo anamva ufiti. Nkhope yawo inagwa. Anadzuka pang'onopang'ono, akugwira mzati.

"Nabanda, muno mulibe munthu. Bwerani muwerenge nokha. Mwalawu m'kati n'ngopanda kanthu, anaumangira amene sanabwerere."

"Ngati si manda, mumasambiranji m'manja pochoka? Mumaodiranji?"

Mzungu uja anafunsa ngati zonse zili bwino. Pomaliza apongozi anga anati, "Ndimafuna mwanayu adziwe kusesa. Ine ndinalibe wondiphunzitsa." Anatola chipewa. Ndinawauza akwere galimoto, anakana. Anabwera pa basi, ali ndi malaya okha, chifukwa jekete ndinapita nalo pathupi pa mwana osazindikira.

Patapita masiku awiri Tako anatentha thupi, chifuwa chinatseka, tinagonekedwa m'chipatala masiku atatu. Dokotala anati ndi kachilombo kamene kakuyenda pakati pa ana nyengo imeneyo, ndipo anzake a kusukulu ya mkaka angapo anali nako. Ndinamva ndi makutu okha. Mumtima ndinali nditagamula kale. Titatuluka tinapeza patebulo pali maapulo awiri. Sindinawakhudze. M'mawa mwake, iwo ali m'bafa, ndinatenga nsapato zija pakhomo, ndinaziika m'jumbo, n'kukazilowetsa m'buti ya galimoto yanga, pansi pa tayala la sipeya. Ndinadziuza kuti n'za sabata imodzi, mpaka mtima wanga ukhale pansi. Ndinadziuzanso kuti ndikuwateteza, kukubwera chipale chofewa, angaterereke. Zonsezo zinali zodzinamiza. Ndinkafuna asapitenso kumeneko, asabweretsenso za kumeneko m'nyumba mwanga.

Anafunafuna tsiku lonse. Pansi pa bedi, m'makabati, mpaka kunja m'zinyalala. Tako ankawatsatira akufuna nawo, akusuzumira m'mapoto. Mada anati mwina zinalowa m'thumba la zovala zakale zimene tinapereka kutchalitchi. Ine ndinati mwina. Ndinali ndikutsuka mbale, sindinatembenuke.

Mada anawagulira zina, zotakata, zabwino ndithu. Anazivala n'kupita ulendo umodzi wokha. Anabwera akutsimphina, phazi lopindika lija litatupa, pambali pa chala chaching'ono pali thuza. Anali ndi matenda a shuga. Ine, amene ndimasambitsa mapazi a okalamba tsiku ndi tsiku, ndinadziwa nthawi yomweyo tanthauzo la thuza limenelo. Linaphulika, linasanduka bala, balalo silinapole. Kuchipatala anawauza kuti maulendo aatali aleke. Ndinkawatsuka balalo ndekha madzulo aliwonse, nditagwada, iwo akuyang'ana kukhoma. Galimoto inali panja pomwepo, masitepe makumi awiri kuchokera pakhomo. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndizitulutsa, ndinene kuti ndazipeza. Koma tsiku lililonse limene ladutsa linkachititsa bodzalo kukula, ndipo ndinkaopa nkhope ya Mada.

Nyengo yozizira imeneyo m'nyumba munalowa chete. Anasiya kukangana ndi mwana wawo. Tiyi ankamwa akadali wotentha. Ankakhala pawindo ndi kabuku kawo kotseka pamwendo. Kuwaona choncho kunkandidya, ndipo m'malo moti ndilape, ndinafuna achoke pamaso panga. Ndinauza Mada kuti ntchito, mwana ndi bala sindingazikwanitse zonse. A Esnart anati abwere kwa iwo ku South Bend, chipatala chili pafupi. Mu Epulo tinawapakira katundu.

Tsiku lonyamuka, Mada akukweza sutikesi, anandiitana kukhitchini.

"Nabanda."

"Wawa, bambo."

Anatulutsa m'thumba la jekete kachitini ka polishi ndi bulashi, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Chikopa chimafuna mafuta, kulikonse kumene chili. Chikauma chimang'ambika."

Sanandiyang'ane m'maso. Ndinalandira, ndinagwada, ndinati zikomo. Zikomo! Apo ndi pamene ndikanathamangira ku galimoto. Sindinapite. Anatuluka ndi masilipasi, akutsamira ndodo, Tako atawagwira chala mpaka pa chitseko cha galimoto.

Anakhala ku South Bend miyezi khumi. Mada ankapita kukawaona mwezi uliwonse, nthawi zina ndi mwana. Ine nthawi zonse ndinali ndi shifiti, ndipo ikapanda kupezeka ndinkaipempha. Lamlungu madzulo ankaimba pa foni ya a Esnart kuti alankhule ndi Tako. Iwo Chichewa, iye Chingerezi, koma ankamvana. Pomaliza ankati, "Uwapatse moni amayi ako," ndipo ine ndinkakhala ndili pomwepo, ndikupinda zovala zopinda kale.

Balalo linalowa m'magazi mu Febuluwale. A Esnart ataimba kuti bwerani msanga, Mada ananyamukira kuntchito komweko, ndiye ine ndinanyamuka pa galimoto yanga. Panjira ndinaima pa malo omwetsera mafuta, ndinatulutsa jumbo lija, n'kuliika pampando wakutsogolo. Zinali zitauma, zitachita nkhungu m'kati. Maola atatu onse ndinkakonza mawu. Nditalowa m'chipinda ndinapeza maso ali otseka, paipi m'kamwa, phazi lokulungidwa mabandeji mpaka m'bondo. Ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo, ndine Nabanda." Abale anali atazungulira bedi. Zina zonse ndinameza. Anatisiya tsiku lotsatira, dzuwa likutuluka. Thupi linapita ku Ntcheu, ndipo iwo ali ndi manda, pafupi ndi akazi awo.

Nthawi ya maliro ife amayi tinkakhala pabalaza ndi kukhitchini, ndiye chipinda chimene ankagona sindinachione. Ndachiona sabata yathayi. Anthu atabalalika, a Esnart anandipempha ndiwathandize kutsitsa mipando yopinda kuchipinda chapansi. Titaiika pakona anatsegula chitseko china n'kuyatsa getsi.

"Sindinasunthe kanthu, mlamu. Ndimalephera."

Pakhoma panali mapu aakulu, mapepala asanu ndi limodzi olumikizidwa ndi selotepi. Ndinafunsa ngati ndi Indianapolis.

"Ayi, ndi ku France. Mzinda wina, Reims."

Anandifotokozera. Munthu wina wa kuntchito kwa a Esnart, wa ku Senegal, anabwera kudzacheza tsiku lina, n'kuuza bambo kuti mumzinda umenewo muli chipilala cha asilikali akuda, anyamata a ku Africa amene anafera nkhondo ya azungu. Bambo anafunsa kawiri ngati akunena zoona, akuda enieni, osemedwa nkhope zawo. Ankadziwa kuti a Zakeyu sanapondeko ku France, koma anati kumeneko ndiye sakafunika kupempha malo. Anavutitsa a Esnart mpaka anawapulintira mapu a mzindawo kuntchito. Anatenga rula, anawerengera kuti msewu uliwonse ndi masitepe angati, n'kuyamba ulendo kuchokera pa siteshoni ya sitima. M'chipinda momwemo. Kunja sakanatha, msewu wa kumeneko ulibe poyenda anthu, ndipo phazi silinkalola. Ankayenda kuchokera pa chitseko kukafika pa windo n'kubwerera, akuwerenga, ndipo madzulo ankajambula ndi pensulo pamene afika.

"Pa chakudya ankatiuza nkhani," anatero a Esnart, akuseka misozi ili m'maso. "Lero ndadutsa pa chipata chakale chamiyala. Lero ndapuma pa tchalitchi chachikulu, anthu anali ambiri. Amuna anga ankawafunsa kuti nanga nyengo ili bwanji ku France, adadi? Iwo amvekere, kukuzizira, koma misewu yawo anapima bwino. Ndinkawauza kuti dulani apa, mufike msanga pa chipilala chanucho. Amati ayi, mlendo sadumpha eni mudzi, ndiyambe ndaona zawo zonse."

Wina anawaitana kumwamba, anandisiya ndekha.

Chipindacho n'chaching'ono, denga lake lalifupi. Windo lili m'mwamba, laling'ono, lolingana ndi nthaka ya kunja, ndipo chimene umaona ndi matayala a magalimoto oimikidwa. Bedi n'loyalidwa. Pensulo ikulendewera pa ulusi pambali pa mapu, yosongoledwa ndi mpeni. Mzere wake ukuyambira pa siteshoni, ukukhotakhota m'tinjira, pena kubwerera m'mbuyo, ndipo pamalo aliwonse a chikumbutso pali kamtanda kakang'ono. Chakumapeto tizidutswa ta tsiku limodzi tikufupikirafupikira, tina ngati kambewu ka mpunga. Paki imene muli chipilalacho anaizunguliza kale ndi pensulo, kumunsi kwa pepala lomaliza. Mzerewo sunafikemo. Unaima pa mphambano wamba, m'msewu umene dzina lake sindingathe kulitchula.

Kenaka ndinayang'ana pansi. Kapeti ndi wotuwa, wa ubweya wautali, koma kuchokera pa chitseko kukafika pansi pa windo pali kanjira kopondeka, kosalala, ngati ka kumunda. Mbali imodzi ndi mapondedwe a munthu. Mbali inayo ndi mkwekwe wosaduka, wa phazi limene silinkanyamukanso. Pansi pa windo, pamene ankatembenukira, kapeti anatha mozungulira mpaka ulusi, ndipo pakati pake pakuoneka simenti.